Nkhandwe sidikira bajeti: kalata yotseguka kwa nduna zoona za chilengedwe ku Canberra ndi ku Sydney

Kwa Olemekezeka Nduna yoona za chilengedwe m'boma lalikulu la Australia,
ndi Olemekezeka Nduna yoona za chilengedwe m'boma la New South Wales.

Olemekezeka anduna,

Pempho langa ndiliika poyambirira penipeni kuti amene amakuwerengerani makalata asavutike kulifufuza. Ntchito yochepetsa nkhandwe ndi amphaka akutchire m'malo okhala awalabi am'matanthwe muipatse ndalama zosadukiza, za zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo anthu a m'madera amene akhala akuigwira kwa zaka pafupifupi 30 muwawerengere ngati eni ntchito. Ine ndine mbadwa ya ku Malawi, koma ndinakhazikika kuno ku Shoalhaven, msonkho ndimakhoma kuno, ndipo zikwangwani zochenjeza za nyambo ya poizoni pa zipata za minda ya ku Kangaroo Valley ndimaziona ndi maso angawa. N'chifukwa chake ndati nanenso ndiyankhulepo.

Kalatayi aiwerenganso anthu amene sanamuonepo walabi, choncho mundilole ndimufotokoze pang'ono. Ndi mbale wake wamng'ono wa kangaru. Mtundu wa kuno, umene asayansi amautcha Petrogale penicillata, umalemera makilogalamu 6 mpaka 8, ndipo uli ndi mchira wautali wa ubweya wambiri kunsonga. Kunsi kwa mapazi ake n'kokhakhala, kogwira mwala, moti amakwera phompho limene munthu sangaliyerekeze n'komwe. Masana amabisala m'mapanga ndi m'ming'alu, kapena kuwothera dzuwa pa thanthwe loyang'ana kumpoto. Kukamada amatsika kukadya udzu ndi masamba. Wamkazi amabala mwana mmodzi pa nthawi. Mwanayo amakhala m'thumba la mayi ake miyezi pafupifupi 6, ndipo akatulukamo mayiyo amamubisa pa mng'alu wa mwala n'kupita kokadya. Nkhani yonse yagona pamenepo. Nkhandwe imatha kukwera miyala yambiri, mphaka ndiye osanena, ndipo mwana wongotuluka kumene m'thumba alibe liwiro. Gulu la awalabi likhoza kumaoneka ngati lili bwino kwa zaka zingapo, akuluakulu akuwothera dzuwa monga mwa masiku onse, pamene ana akudyedwa chaka ndi chaka. Akuluakuluwo akakalamba n'kufa, phiri lonse limangoti zii, ndipo anthu amadabwa kuti zatha liti.

Koma sizinayambe ndi nkhandwe. Pakati pa 1884 ndi 1914, m'chigawo cha New South Wales mokha munaphedwa awalabi am'matanthwe oposa 500,000, ndipo owapha ankalandira mphotho motsatira lamulo, chifukwa nyamazi zinkatengedwa ngati zowononga msipu wa nkhosa. Ena ankafuna zikopa: mu 1908 kampani imodzi yokha inagulitsa zikopa zoposa 90,000. Nkhandwe za ku Ulaya nazo sizinabwere zokha. Anthu anazitulutsa dala ku Victoria cha m'ma 1870 kuti azizisaka pa akavalo ngati masewera, ndipo lero akatswiri amati zilipo pafupifupi 1.7 miliyoni, zimadya nyama zachilengedwe za dziko lino pafupifupi 300 miliyoni pa chaka. Sindikukumbutsa zimenezi pofuna kukusenzetsani mlandu wa anthu amene anafa kalekale, ayi. Ndikungonena kuti ndalama za boma zinagwirapo kale ntchito yaikulu pa kanyamaka, kwa zaka 30 zosadukiza, ndipo inali ntchito yokapha. Zikanatheka kuti yokateteza nayo ikhale yokhazikika chomwecho.

Njira yake ikudziwika, ndipo yakhala ikudziwika kuyambira m'ma 1980. Ku Western Australia, m'dera lolima tirigu, kuli mapiri a miyala atalikiranatalikirana pakati pa minda, momwe mumakhala mtundu wina wa awalabi, a mizere yakuda m'nthiti. Wasayansi Jack Kinnear ndi anzake anatenga mapiri asanu. Pa awiri anachepetsapo nkhandwe, pa atatu anangosiya mmene zinalili. Patatha zaka zinayi, pa mapiri awiri aja awalabi anachuluka ndi 138 peresenti ndi 223 peresenti, pamene pa phiri lina losatetezedwa anachepa ndi 85 peresenti. Anaonanso chinthu china chimene ine chimandigwira mtima kuposa manambalawo. Nkhandwe zitachepa, awalabi anayamba kutsika kukadya kutali ndi mapanga awo, n'kumakhala m'malo amene kale ankaoneka ngati osayenera. Kutanthauza kuti maphompho oopsa amene timawapezamo lero si kwawo kokha kumene amakonda, koma ndi kumene anatsala chifukwa nkhandwe imavutika kufikako. Kafukufuku ameneyu ndi mmodzi mwa amene anatsegula njira ya pulogalamu ya boma la Western Australia yochepetsa nkhandwe pa malo aakulu, ya Western Shield, imene inayamba mu 1996.

Phiri limodzi mwa awiri aja, la Nangeen Hill, lili ndi phunziro lachiwiri. Awalabi atachuluka kupitirira 100, kunabwera chilala, msipu unatha, udzu wachilendo unalanda malo, zilombo zinapezerapo mwayi, ndipo pofika cha m'ma 2013 anatsala osakwana khumi. Chaka chimenecho boma la kumeneko ndi bungwe loteteza chilengedwe la WWF anamanga mpanda wa makilomita 5 kuzungulira phirilo n'kubzalanso zomera. Awalabi anabwerera mwakale, mpaka mu 2016 ena a m'dera la tirigulo anasamutsidwira ku Kalbarri, kumene chaka chapitacho anthu okwera matanthwe anali ataona awalabi awiri ndi mwana pa malo amene aliyense ankati anatha kalekale. Ntchito imene inayenda bwino kwa zaka 20 inatsala pang'ono kugwa m'zaka zochepa chabe. Malo otere amafuna munthu woyendako kawirikawiri, wowerenga nyama, woona msanga kuti zinthu zasintha.

Ku Kangaroo Valley anthu otere alipo. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, ataona kuti awalabi atsala timagulu tochepa, anakhazikitsa bungwe la Friends of the Brush-tailed Rock-wallaby n'kuyamba kugwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma ya National Parks and Wildlife Service. Timagulu ta kuno ndi tomwe tili kummwera kwenikweni m'chigawo chonse cha New South Wales. Ukachoka pano kulowera kummwera, ena am'tchire ukawapeza ku Victoria, m'zigwa za mtsinje wa Snowy, makilomita mazana angapo, ndipo nawonso ndi owerengeka. Panali nthawi imene kagulu kena ka kuno kanatsala ndi walabi wamkazi mmodzi yekha, moti anachita kumubweretsera anzake kuchokera kwina. Ena mwa awalabi amene anatulutsidwa m'chigwachi anabadwira ku malo oweterako nyama a Waterfall Springs, kumpoto kwa Sydney.

Ntchito yake si yosangalatsa kuonera. Munthu amakumba kadzenje, kukwirira nyambo ya poizoni wa 1080, kusalaza dothi pamwamba, kudzabweranso kuona ngati yatengedwa ndiponso kuti mapazi amene ali pamenepo ndi a nyama yanji. Pa chipata pamafunika chikwangwani, oyandikana nawo amafunika kuuzidwa nthawi isanakwane. Nkhandwe zina zochenjera sizikhudza nyambo, ndiye pamafunika wodziwa mfuti woyenda usiku, kapena misampha. Makamera omangidwa pa mitengo amafuna mabatire atsopano, ndipo zithunzi zikwizikwi zimafuna munthu wokhala pansi n'kuziona chimodzichimodzi, kuzindikira walabi aliyense ndi banga loyera la pachifuwa kapena kung'ambika kwa khutu. Chovuta kwambiri n'chakuti malo ambiri ozungulira matanthwewa ndi minda ya anthu. Boma silingangolowa. Pamafunika wina wogogoda pakhomo, kumwa tiyi ndi mwini munda, kumumvera nkhawa zake za agalu ake, mpaka avomere. Munda ukagulitsidwa, ndipo masiku ano minda ya m'chigwachi imagulidwa kwambiri ndi anthu a ku Sydney obwera kumapeto kwa sabata, kukambiranako kumayambiranso pachiyambi. A bungwe la Friends aja amapitanso m'masukulu, amagulitsa tinthu pa misika, amapempha anthu kuti "atenge" walabi mmodzi ngati wawo pothandiza ndi ndalama. Zonsezi kuti nyambo isasowe m'nthaka.

Chifukwa chake nyambo siyenera kusowa n'chosavuta kumva. Nkhandwe zimaswana mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndipo ana ake akakula amabalalika kuyambira cha mu Febuluwale mpaka miyezi yozizira, kufunafuna malo opanda mwini. Malo amene anthu achotsamo nkhandwe ndi omwewo amene nkhandwe yatsopano imawapeza opanda mwini. Mukapha khumi lero, zina zimalowa m'malo mwake pasanathe nthawi. Ndiye ntchitoyi ilibe tsiku lomaliza, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yopuma ikhoza kudya ana onse a chaka chimenecho. Koma ndalama zothandizira magulu a m'madera zimabwera mwa mpikisano, za chaka chimodzi, ziwiri, mwina zitatu. Chaka cha ndalama chikatha pa 30 Juni, anthu amayamba kudikira kuti amve ngati pempho lawo ladutsa. Amene amayenera kukhala ku phiri amakhala pa kompyuta kulemba mafomu, ndipo mafomu ambiri amakonda chinthu chatsopano chotsegulira ndi mwambo kusiyana ndi ntchito yakale imene ikungofuna kupitirizidwa.

Kwathu timati mbira inasowa mchira chifukwa chotuma. Nayo ndi kanyama kam'matanthwe. Pa tsiku logawa michira inakhala pa mwala n'kutuma anzake kuti akaitengere, ndipo mpaka lero ilibe. Boma likhoza kutuma anthu odzipereka kukakwirira nyambo, ndipo iwo amapita mosanyinyirika, koma lamulo la dziko lonse loteteza chilengedwe la EPBC la 1999 ndi malamulo a chigawo chino anaika udindo wa nyama zimenezi m'manja mwanu. Anthu amene anayambitsa ntchito ya ku Kangaroo Valley ali ndi zaka 40 lero ali ndi zaka 70. Mawondo sakulolanso kukwera. Mukapitiriza kudalira kuti iwo azingopezeka, tsiku lina mudzapeza kuti palibe wotuma.

Sindikunena kuti simunachitepo kanthu. Pulogalamu ya New South Wales yopulumutsa zamoyo zimene zili pangozi, ya Saving our Species, inapatsidwa madola 100 miliyoni mu 2016 ndi ena 75 miliyoni mu 2021, ndipo walabi wam'matanthwe ali m'gulu la nyama zimene imaziika patsogolo. Ku Jenolan, kumene nkhandwe zakhala zikuchepetsedwa mwakhama kwa zaka zambiri, awalabi anachuluka moti alendo okaona mapanga anayamba kukumana nawo m'njira. Mu 2022 boma la ku Canberra linalengeza dongosolo la zaka khumi lolonjeza kuti palibenso mtundu wa nyama kapena chomera umene uthe. Lonjezo labwino. Koma mu 2019 gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Brendan Wintle linawerengera kuti maboma onse a Australia pamodzi ankawononga madola pafupifupi 122 miliyoni pa chaka pa zamoyo zimene zili pangozi, pamene zofunika zinali pafupifupi 1.7 biliyoni. Lonjezo la zaka khumi limafuna ndalama za zaka khumi.

Dziko lonse lapansi linaona zithunzi za mu Januwale 2020: helikopita ili m'mwamba, makaroti ndi mbatata zikugwa pa mapiri opserera. Makilogalamu oposa 2,000 anaponyedwa m'masiku oyambirira ku zigwa za Capertee ndi Wolgan, ku Yengo ndi malo ena, ndipo kuno ku Kangaroo Valley, kumene moto wa Currowan unafika, chakudya ndi madzi zinaperekedwanso. Inali ntchito yabwino ndipo inapulumutsa nyama. Ngakhale abale anga a ku Lilongwe ananditumizira zithunzizo pa WhatsApp, akuseka kuti kuno mbatata imagwa kuchokera kumwamba. Komatu chimene chinachititsa kuti ogwira ntchito adziwe phiri loti aponyepo chakudya ndi zaka zambirimbiri za makamera ndi kuwerenga kuja. Ndipo moto ukadutsa, tchire lobisalamo limatha, nkhandwe ndi amphaka zimakhamukira kumalo opsererawo chifukwa kusaka kumaphweka. Karoti amajambulika bwino, kadzenje ka nyambo ayi. Ndikuopa kuti ndalama zimatsatira chimene chajambulika.

Kuti ntchito yosadukiza imabala zipatso, umboni uli ku South Australia. Ku mapiri a Flinders, pulogalamu ya Bounceback inayamba mu 1992 ndipo sinaime. Nyambo za nkhandwe zimaikidwa pa malo aakulu, mbuzi zakutchire zimene zimalanda mapanga ndi msipu zimawomberedwa, ndipo pa ntchito ya mbuziyo amathandiza ndi alenje odzipereka a bungwe la anthu okonda kuwombera mfuti. Awalabi a mapazi achikasu, amene anali atatsala pang'ono kutha m'madera ena, lero amaoneka ndi aliyense wodutsa pa chigwa cha Brachina madzulo. Pafupi ndi Leigh Creek, pa damu la Aroona, awalabi obadwira kumalo osungirako nyama anatulutsidwa mu 1996, eni mafamu a nkhosa ozungulira anavomera kuika nyambo m'minda yawo, ndipo ana asukulu ankathandiza kuwalondola ndi wailesi. Yerekezerani ndi ku mapiri a Grampians ku Victoria, kumene walabi wotsiriza wam'tchire anagwidwa mu 1999. Kuyambira mu 2008 anabwezeretsako awalabi makumi angapo, oleredwa movutikira komanso modula, koma ambiri anafa, ndipo nkhandwe zinali pakati pa zifukwa zazikulu. Kubereketsa nyama m'khola n'kotheka. Chovuta ndi kukonza kumene ikupita.

Chitsanzo chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi cha anthu a mtundu wa Anangu, ku dziko lawo la APY, kumpoto chakumadzulo kwa South Australia. Walabi wa kumeneko amamutcha warru, ndipo ali m'nyimbo ndi m'nthano zawo za makolo. Pofika m'zaka za m'ma 2000 anali atatsala osakwana 200 m'chigawo chonsecho. Mu 2007 akuluakulu a Anangu, asayansi, boma ndi a malo osungirako nyama a Monarto anapanga gulu limodzi. Ana a warru anatengedwa pa ndege kupita ku Monarto n'kukaikidwa m'matumba a awalabi a mapazi achikasu kuti awalere, zimene zinapatsa mayi weniweni mpata wobereka wina msanga. Amayi achikulire a Anangu ndi amene anavomereza kuti ana atengedwe, anawapatsa mayina, ndipo ankapita kukawaona. Kenako anamanga mpanda wozungulira mahekitala 100, umene amautcha Pintji, ndipo mu 2011 warru oyamba anabwerera kwawo. M'zaka zotsatira ena anatulutsidwa kunja kwa mpanda, ku Wamitjara, ndipo mu 2022 ena anabwezeredwa ku mapiri a Everard kumene anali atasowa kwa zaka pafupifupi 60. Amene amayendera mpandawo, kutchera amphaka, kuwerenga ndowe za warru pa miyala, ndi alonda a Anangu olembedwa ntchito ndi kulipidwa. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Munthu wolipidwa amakhalapo chaka chamawa, ndipo amaphunzitsa mwana wa mlongo wake.

Pa nkhani ya APY pali kanthu kena kamene kamandichititsa manyazi pang'ono ngati munthu wa ku Africa. Udzu wa buffel, umene ukuphimba mapiri a kumeneko, kwawo ndi ku Africa ndi ku Asia. Unafalitsidwa kuti ukhale msipu wa ng'ombe, koma umayaka moto waukali kuposa udzu wa kuno, n'kupha mitengo ya nkhuyu zam'matanthwe ndi zitsamba zimene warru amadya ndi kubisalamo. South Australia inaulengeza kukhala udzu woipa mu 2015, Northern Territory mu 2024. Alonda amene akulimbana ndi mphaka akulimbananso ndi udzu, ndipo ndalama za ntchito ziwirizi zisamachokere m'matumba osadziwana.

Tsopano za poizoni, chifukwa sindifuna muganize kuti ndikuzizemba. Poizoni wa 1080 si wabwino. Galu wapakhomo akadya nyambo kawirikawiri amafa, imfa yake ndi yowawa kuonera, ndipo mankhwala otsitsira palibe. A bungwe loona za ufulu wa nyama la RSPCA akhala akunena kuti njirayi ndi yankhanza, ndipo sakunama. Ku Western Australia poizoniyu amapezeka mwachilengedwe m'zitsamba za mtundu wa Gastrolobium, moti nyama za kumeneko zinazolowera ndipo sizifa naye msanga. Kuno kummawa sizili choncho kwenikweni, n'chifukwa chake nyambo imakwiriridwa. Palinso dingo, galu wakutchire wa dziko lino, amene amafa ndi nyambo yomweyo. Anthu ambiri a mtundu wa Aborigine amamutenga ngati mbale, ndipo asayansi ena amati kumene kuli adingo nkhandwe zimachepa, ngakhale ena amatsutsa. Ine ndaima apa: pafupi ndi kagulu ka awalabi khumi kapena makumi awiri, kusiya nyambo lero n'kuvomera kuti kaguluko kathe, ndipo mwana wa walabi amene wagwidwa ndi nkhandwe nayenso safa mwamtendere. Koma kuvomera zimenezi kukupatsani ngongole ziwiri. Yoyamba, ikani ndalama zenizeni pa njira zina, monga poizoni wa PAPP amene amapha mofatsa ndipo dokotala wa ziweto akhoza kupulumutsa galu akafika naye msanga. Yachiwiri, musamaike nyambo pa dziko la anthu a Aborigine kapena pafupi ndi minda ya anthu musanakhale nawo pansi. Mwini munda mmodzi akataya galu wake chifukwa sanauzidwe bwino, mudzi wonse umatseka zipata, ndipo amene amavutika kuzitsegulanso ndi odzipereka aja.

Mphaka ndi nkhani ina. Amphaka akutchire ali pafupifupi paliponse m'dziko lino, amachuluka kuchoka pa 1.4 miliyoni m'zaka za chilala kufika pa 5.6 miliyoni mvula ikagwa bwino, ndipo anathandiza kutha kwa mitundu yambiri mwa mitundu yoposa 30 ya nyama zoyamwitsa imene Australia yataya. Mphaka sakonda nyama yakufa, ndiye nyambo yokwiriridwa amangoidutsa. Choipa china, nkhandwe zikachepa amphaka nthawi zina amachuluka. Ku APY ofufuza anapeza zotsalira za warru m'mimba mwa amphaka, makamaka aamuna aakulu. Pali nyambo zopangidwira amphaka, za Eradicat ndi Curiosity, ndipo pali makina a Felixer amene amazindikira mphaka akamadutsa n'kumuwaza poizoni pa ubweya kuti akamadzinyambita amumeze. Zida zimenezi n'zodula, ndipo gulu la m'mudzi silingazigule ndi ndalama zogulitsa makeke. Pamene inu a ku Sydney mungathandize osawononga ndalama zambiri ndi pa lamulo. Lamulo la 1998 loona za ziweto zapakhomo ku New South Wales linasiya amphaka kuti aziyendayenda mmene afunira, ndipo makhonsolo sanapatsidwe mphamvu yolamula kuti azisungidwa pakhomo. Ku Canberra, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Julayi 2022 amayenera kusungidwa pakhomo. Khonsolo imene ili ndi awalabi m'dera lake ipatsidwe mphamvu yomweyo. N'zosamveka kuti munthu akukwera phiri kukatchera mphaka wakutchire pamene m'munsi mwa phirilo amphaka osafulidwa akuswana momasuka kuseri kwa nyumba za alendo.

Ndikudziwa kuti alangizi ena adzakuuzani kuti yankho ndi mipanda. Mipanda yathandiza. Ku Mt Rothwell ku Victoria ndi ku Tidbinbilla pafupi ndi Canberra akusungako awalabi akummwera amene m'tchire atsala ochepa kwambiri, ndipo popanda malo amenewo mwina bwenzi tikunena zina. Koma mpanda ndi wodula kumanga, umafuna kuyenderedwa mosalekeza, mtengo umodzi ukagwera pa waya usiku wa mphepo mphaka walowa, ndipo maphompho ambiri sangazunguliridwe n'komwe. Nyama zokulira m'kati siziphunzira kuopa nkhandwe. Kuli awalabi a mtundu womwewu pa chilumba cha Oahu ku Hawaii, zidzukulu za awiri amene anathawa m'khola mu 1916, ndipo ena anakhala zaka zoposa 100 pa chilumba cha Kawau ku New Zealand mpaka kumeneko anayamba kuwaona ngati chosokoneza. Kumene kulibe nkhandwe kanyamaka sikavuta kusunga. Cholinga chikhale choti kazikhala pa mapiri a kwawo, kunja kwa waya, ndipo mpanda ukhale pongodikirira.

Choncho, olemekezeka anduna, mapangano a ndalama ndi magulu ngati la ku Kangaroo Valley akhale a zaka khumi, ndipo pasamakhale mpata pakati pa pangano lotha ndi lotsatira. M'panganomo mukhale malipiro a munthu mmodzi kapena awiri a m'deralo, ogwirizanitsa eni minda ndi kuyendera nyambo, kuti ntchito isamalire pa msana wa anthu opuma pantchito. Ntchito za alonda a mtundu wa Aborigine zikhale zokhazikika, ndipo zifike kuno kummawa, kumene eni dziko alipo ndipo matanthwewa amawadziwa. Ndikupemphanso kuti chaka chilichonse muzitulutsa poyera chiwerengero cha awalabi pa malo aliwonse amene mukuwateteza, makamaka cha ana amene apulumuka n'kufika pa msinkhu wobereka, pamodzi ndi miyezi imene nyambo inali m'nthaka ndi imene munalibe. Malo enieni a mapanga musawatchule, kuopa anthu osokoneza, koma manambala tiwaone. Pamenepo ife okhoma msonkho tidzatha kudziwa ngati gulu likukula kapena likungokalamba.

Yankho lanu lisabwere kwa ine. Litumizeni ku magulu amene akugwira ntchitoyi, ndipo litchule chaka chimene ndalama zidzathe.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wokhala ku Shoalhaven, New South Wales